Njinga yakale ya makolo: muisunge, muibwezeretse, muisinthe kapena muchite nayo malonda?

Njinga ya Humber ya malemu malume anga inakhala zaka zambiri itapachikidwa kudenga la khitchini kumudzi kwathu ku Ntcheu, yakuda bii ndi mwaye, matayala atauma gwaa. Anaigula ndi ndalama za kumigodi, m'masiku aja anthu ankapita ku Joni kudzera ku Wenela n'kubwerako ndi njinga, galamafoni ndi sutikesi yachitsulo. Tsiku limene ndinaitsitsa, m'thumba ndinali nditaikamo kale kachitini ka penti wakuda ndi bulashi. Anandiletsa ndi bambo ena achikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika wathu. Anati ndiyambe ndaitsuka kaye ndi palafini, za penti tidzakambe mawa. Nditapukuta mtanda ndi kasanza, panatuluka timizere tagolide, towonda ngati ulusi, tochokera ku handulo mpaka kuchishalo. Pagiya yakutsogolo pamene pamakola tcheni panaoneka tianthu tisanu togwirana manja, chizindikiro cha Humber. Bulashi yanga ikanakwirira zonsezi m'mphindi khumi.

Kuchokera tsiku limenelo njinga zakale zinandilowa m'magazi. Zina ndinasunga, zina ndinasintha, zina ndinagulitsa, ndipo imodzi ndinaiwononga ndi manja angawa. Aliyense amene wapeza njinga yotere ali pamphambano ya njira zinayi, ndipo ziwiri mwa njirazi zilibe pobwerera.

## Zoyezera zake

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo. Sinditchula makwacha, chifukwa chigwereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa tayala wa lero sufika mwezi wamawa. Muyeso wanga ukhala mtengo wa njinga yatsopano ya mtanda yochokera ku India, imene mungaifunse m'sitolo iliyonse ya pa boma. Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipangizo: kodi chikathyoka mukachipeza pamsika, ku Limbe, pa Malangalanga ku Lilongwe, kapena mudikira m'bale wochokera kunja? Chachitatu ndi kasamalidwe ntchito ikatha. Chachinayi ndi zoopsa, kwa inu wokwerapo komanso kwa njinga yeniyeniyo.

## Yambani mwadziwa chimene mwagwira

Njinga zakale zimene timakumana nazo kuno zili m'mabanja atatu.

Loyamba ndi la ku Britain: Raleigh, Humber, Rudge, BSA, Phillips, Hercules. Maina ambiriwa anadzathera m'manja mwa kampani imodzi. Raleigh ya ku Nottingham inagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943 ndi BSA mu 1957, choncho Humber ya m'ma 1950 mkati mwake ndi Raleigh yovala baji ina. Raleigh imadziwika ndi mutu wa kakowa pabaji, Rudge ndi chikhatho cha dzanja, Humber ndi tianthu tija komanso, pa zina, foloko ya timapaipi tiwiritiwiri mbali iliyonse. Fakitale ya ku Nottingham inasiya kupanga njinga mu 2002. Koma baji yokha isakunamizeni. Maina amenewa ankadindidwanso pa njinga zopangidwa m'maiko ena monga India ndi South Africa, ndiponso baji ndi kanthu kochotsa n'kukhomera pa felemu ina. Ngati njinga ili ndi habu (chitsulo cha pakati pa gudumu chimene masipoko amakolako) ya magiya atatu ya kampani ya Sturmey-Archer, pukutani pamimba pa habuyo: pamakhala padadindidwa manambala osonyeza chaka ndi mwezi umene inapangidwa. Mukaona 62 ndi 7, ndiye kuti ndi July 1962.

Lachiwiri ndi la ku India ndi ku China: Hero ndi Avon za ku Ludhiana, Atlas, Phoenix ya ku Shanghai, Flying Pigeon ya ku Tianjin, ndi Eagle imene inkamangidwa ku Chipata ku Zambia. Zonsezi zinatengera maonekedwe a njinga za ku Britain zija, mabuleki a ndodo, matayala a 28. Zakale zake zina n'zolimba bwino ndithu, ndipo ndi zimene zapangitsa kuti zipangizo za 28 zizipezekabe mpaka kumudzi.

Lachitatu ndi la kaunjika: za ku Japan za basiketi kutsogolo, zothamangira za ku Ulaya monga Peugeot, ndi zokwerera mapiri za m'ma 1990.

Banja lililonse, chimene chimagamula ndi felemu. Yendetsani chala kunsi kwa paipi yotsetsereka, pafupi ndi pamene imakumana ndi khosi la foloko. Mukamva kathumba kapena khwinya, njingayo inagundapo chinthu mwamphamvu. Yang'anani foloko cham'mbali: ikhale pamzere umodzi ndi khosi, osati yobwerera m'mbuyo. Mangani ulusi pamene pamalowa ekiselo yam'mbuyo, muuzungulitse kukhosi n'kuubweza mbali inayo. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo ukhale wofanana uku ndi uku. Masulani chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika. Dzimbiri la pamwamba si mlandu. Loopsa ndi lija lotumphuka ngati makoko kunsi kwa felemu ndi kuseri kwa mapedulo, limene mukalibaya ndi msomali likulowa.

## Njira yoyamba: kuisunga momwe iliri, n'kukonza zam'kati

Apa penti wakale, baji, zolembalemba ndi zipsera zake zonse zimatsala. Inu mumamasula njinga yonse, kutsuka, kuthira girisi, kusintha zokhazo zimene zimatha mwachibadwa, n'kuimanganso. Ndi zimene ndinachita ndi Humber ya malume.

Mtengo. Ndi njira yotchipa kuposa zonse. Mugula matayala, machubu, malabala a mabuleki, makotapini (tizitsulo togwira mikono ya mapedulo ku ekiselo), timipira tachitsulo, girisi, palafini, mwina ndi tcheni. Sinafikepo pa mtengo wa njinga yatsopano m'manja mwanga, ngakhale nditawerengera mmisiri womanga masipoko. Chimene imadya ndi nthawi: Loweruka zingapo mutakhala pamkeka ndi beseni.

Kupezeka kwa zipangizo. Pa njinga ya 28 muli pabwino, chifukwa akabaza ndi alimi akugulabe zomwezo tsiku ndi tsiku. Tayala lolembedwa 28 x 1½, kapena 635, limapezeka paliponse. Timipira nato n'tofala: kawirikawiri ta 1/4 timalowa khumi ndi kamodzi mbali iliyonse ya ekiselo ya mapedulo ndi tisanu ndi tinayi mbali iliyonse ya habu yam'mbuyo, pamene ta 3/16 timalowa khumi mbali iliyonse ya habu yakutsogolo. Masulirani pansalu yoyera, muwerenge ta mbali iliyonse musanataye takale. Koma makapu ndi makoni akale, tizitsulo timene timipira timazungulira pakati pake, ngati sanakumbike, musawasinthe. Chitsulo chawo n'cholimba kuposa cha ambiri atsopano a pamsika, ndipo Raleigh inkadula mazinga (timizere topotera ngati ta bawuti) akeake, 26 pa inchi imodzi, pamene ena ambiri amadula 24. Kapu ya mazinga 24 imalowa pang'ono mu felemu ya Raleigh kenaka n'kuuma, ndipo mukaikakamiza ndi bobojani mwapha felemu.

Dzimbiri la pa chrome limachoka ndi pepala la aluminiyamu lonyowetsa, mukalipindapinda n'kumakhula pang'onopang'ono. Manati ndi tizitsulo ta mabuleki tigone usiku umodzi mu viniga, m'mawa mutsuke, muumitse, mupake oyilo nthawi yomweyo. Sitiliwaya wotsukira mapoto ndi sandipepa zisayandikire penti kapena chrome. Penti akauma mukamaliza kutsuka, mupake polishi wa galimoto kawiri.

Kasamalidwe. Njinga yotere imafuna denga. Pamene penti anasupuka pamafuna kasanza ka oyilo, makamaka m'dzinja. Habu ya Sturmey-Archer yakale imamwa oyilo wopepuka, madontho awiri kapena atatu pa kabowo kake pakapita masabata angapo. Chishalo chachikopa, monga cha kampani ya Brooks, chisanyowe ndipo chisapakidwe oyilo wa injini, amachifewetsa mpaka kutambasuka ngati nguwo. Phula pang'ono likwanira.

Zoopsa. Zazikulu zili pomasula. Kotapini amakana kutuluka, ndipo womenya mwamantha amangofwanyula mazinga. Tsamiritsani mkono wa pedulo pa paipi yoimirira pansi kuti nkhonya isapite pa timipira, kenaka menyani kamodzi mwamphamvu. Pobwezera, makotapini awiriwo ayang'ane mosiyana, apo ayi mapedulo sakhala pamzere. Pedulo yakumanzere ndi kapu yakumanja ya ekiselo ya mapedulo zimamasuka mobwerera. Mabawuti a njinga za ku Britain ndi a muyeso wa mainchi wotchedwa Whitworth, choncho sipanala ya mamilimita imaterereka n'kudya makona. Ndipo pa Raleigh zambiri zakale habu yakutsogolo ilibe nati wotsekera koni: koni yosasuntha iyenera kukhala kumanja. Mukalowetsa gudumu motembenuza, koni imadzimanga yokha mukuyenda mpaka habu kuphwanyika. Choopsa china n'chakuti mabuleki a ndodo pa limu lachitsulo sagwira bwino mvula ikagwa. Zimenezi girisi sangazithetse.

## Njira yachiwiri: kuibwezeretsa ikhale ngati yangotuluka m'sitolo

Iyi ndi njira imene aliyense amailota: kupala penti yense mpaka pachitsulo, kupopera watsopano, kujambula mizere yagolide, kumata zolemba, chilichonse chonyezimira.

Mtengo. Ndi yodula kuposa zonse, ndipo ikachitidwa bwino imadutsa mtengo wa njinga yatsopano mosavuta. Penti wabwino amafuna wopenta magalimoto, amene ayambe ndi penti woteteza dzimbiri, abwereze kangapo, akhule pakati. Ambiri mwa amisiriwa anazolowera malo otambasuka ngati chitseko cha galimoto, ndipo paipi yozungulira imawavuta: penti amayenderera kunsi n'kuuma ali madontho. Muuzeni ayambe wapopera madigadi, muone dzanja lake musanam'patse felemu. Mizere yagolide imafuna wolemba zikwangwani wa dzanja losanjenjemera.

Kupezeka kwa zipangizo. Apa ndi pamene mtima umayesedwa. Zolemba zofanana ndi zoyambirira zimagulitsidwa ku Britain kudzera pa intaneti, ndipo poti n'zopepuka m'bale akhoza kubwera nazo m'chikwama. Brooks akupangabe zishalo ku Smethwick pafupi ndi Birmingham, kuphatikizapo za masipuling'i monga B66 ndi B33, koma chishalo chimodzi chikhoza kudula kuposa njinga yonse imene mukuikonzayo. Chrome yosupuka ndiye vuto lenileni. Penti wasiliva pa handulo amaoneka kuti ndi penti ngakhale muli patali. Njira imene imatheka n'kusaka njinga ina yakufa ya mtundu womwewo, yothyoka felemu koma ya handulo ndi malimu abwino. Zotere zimapezeka kuseri kwa malo okonzera njinga ndi kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo muzifikako msanga zisanayezedwe pa sikelo. Chivundikiro cha tcheni, pampu yoyambirira ndi nyale zingakutengereni chaka kuti muzipeze.

Kasamalidwe. Penti wopopera kuno sauma ngati uja wa ku fakitale amene ankawotchedwa mu uvuni. Amakandika msanga, ndipo miyezi yoyambirira amakhala wofewa. Mwini njinga yotere amayamba kuopa kuitsamiritsa pakhoma, ndipo ambiri amathera poikwera Lamlungu lokha.

Zoopsa. Penti woyambirira akapalidwa sabwereranso. Anthu odziwa njinga zakale amalemekeza penti wakale wothimbirira kuposa watsopano wopakidwa mwa apo ndi apo, ndipo pogula amalipira motero. Musanapale chilichonse, jambulani njinga yonse ndi foni, mbali zonse, ndi lula pambali pa cholemba chilichonse. Tsekani mazinga ndi nsanza penti asalowemo.

Choopsa chachiwiri ndi moto, ndipo ndi pamene ndinapsera. Felemu zakalezi sizinawotcheredwe ndi magetsi. Mapaipi ake analowetsedwa m'timalaya tachitsulo n'kulumikizidwa ndi mkuwa wosungunula. Ndinali ndi Rudge imene inang'aluka pang'ono pafupi ndi chishalo, ndipo mwachangu ndinaipereka kwa wowotcherera mafelemu a mawindo. Ndodo yake itangokhudza, paipi inabooka ngati pepala. Anayesa kutseka bowolo, linakula. Felemu yomwe ikanachira inathera pa sikelo. Mng'alu wotere umafuna wowotcherera ndi gasi ndi mkuwa, ngati aja okonza maladiyeta a galimoto.

## Njira yachitatu: kuiveka zipangizo zamakono

Felemu ikhale yakale koma iziyenda ngati ya lero: malimu a aluminiyamu, mabuleki a mawaya, magiya owonjezera. Kwa amene akufuna kupita nayo kuntchito tsiku lililonse, maganizo amenewa ndi omveka. Koma si felemu iliyonse imene imalola.

Mtengo. Umayambira pa ndalama yochepa kwambiri mpaka kudutsa wa njinga yatsopano. Kusintha kotchipa kumene kumathandiza kwambiri n'kuika kagiya kam'mbuyo ka mano ambiri. Njinga zakale zambiri zimabwera ndi ka mano 18, kamene n'kolemera pa zitunda za ku Zomba kapena za mu Blantyre. Ka mano 20 kapena 22, ndi tcheni chowonjezera pang'ono, kamasandutsa chitunda chotsikirapo kukhala chokwereka. Pa habu ya magiya atatu ya AW, imene Sturmey-Archer inayamba kupanga mu 1936, giya yoyamba imapepuza ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, yachiwiri ndi yachindunji, yachitatu imalemeretsa ndi gawo limodzi mwa atatu. Mukaika kagiya ka 22, yachitatu ija imakhala yoyendera pamalo athyathyathya, ziwirizo n'kukhala zokwerera. Ndalama zambiri zimapita mukayamba kusintha magudumu, chifukwa chinthu chimodzi chimakoka chinzake.

Kupezeka kwa zipangizo. Nkhani yonse yagona pa kukula kwa limu, ndipo nambala yodalirika ndi ya mamilimita yolembedwa pakhoma la tayala. Ya mtanda ya 28 ndi 635. Ya 700C, imene ena amaitchulanso kuti 28, ndi 622. Zothamangira zakale za 27 ndi 630. Za 26 x 1⅜, zofala pa njinga za ku Japan ndi za ku Britain zopepuka, ndi 590, pamene 26 ya zokwerera mapiri ndi 559. Matayala amenewa sasinthana ngakhale pang'ono. Pitani kusitolo ndi tayala lakale m'manja.

Njinga zokwerera mapiri zachitsulo za m'ma 1990 ndi zimene zimalandira zatsopano mosavuta, chifukwa miyeso yake ikugwirabe ntchito ndipo zipangizo zake zadzaza m'misika ya kaunjika. Zothamangira za 27 zimalola magudumu a 622 ngati mabuleki angatsike mamilimita anayi. Peugeot zakale zili ndi mazinga ndi miyeso ya Chifalansa pa ekiselo ya mapedulo, pakhosi ndi pa handulo, choncho sungani zimene zinabwera nazo. Yovuta kuposa zonse ndi ya mtanda ya mabuleki a ndodo. Mabulekiwa amakoka chokweza n'kugwira kumimba kwa limu, osati m'mbali, ndiye limu lamakono silimagwirizana nawo. Mahabu ake ambiri ndi a masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pamene malimu ofala lero ndi a 36. Mpata wa gudumu lam'mbuyo ndi wa mamilimita pafupifupi 110 mpaka 115, pamene mahabu amakono a magiya ambiri amafuna 130 kapena 135.

Kasamalidwe. Magiya akunja ndi mawaya amafuna kutsukidwa ndi kuchunidwa pafupipafupi, makamaka pa misewu ya fumbi. Mmisiri wakumudzi amene angakonze njinga ya mtanda atatsinzina akhoza kusowa chida chomasulira zina mwa zamakonozi.

Zoopsa. Buleki yosafika bwino pa limu imadya khoma la tayala mpaka kuphulika pamtsetse. Felemu yachitsulo imalola kuikanula pang'ono, koma kuikanula mamilimita 20 ndi dzanja pabwalo kumaipotoza, ndipo njingayo imayamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Kuboola felemu kapena kudula timakutu take n'kosabwezeka. Lamulo langa ndi ili: chilichonse chimene ndachotsa chimalowa m'thumba lolembedwa dzina la njingayo, ndipo sindichita kusintha kumene sipanala singakubweze. Injini ya petulo kapena ya batire pa foloko ya zaka 60 ndi mabuleki a ndodo, ine ndimakana ndithu.

## Njira yachinayi: kugula, kukonza, kugulitsa

Mtengo. Mpamba wake ndi wochepa, koma phindu nalo ndi lopyapyala, ndipo limapezeka tsiku logula osati logulitsa. Musanatulutse ndalama, werengerani pomwepo matayala awiri, machubu, tcheni, malabala ndi mmisiri, muphatikize ndi mtengo akukuuzaniwo. Zikayandikira mtengo wa njinga yatsopano, isiyeni, chifukwa wogula wamba adzasankha yatsopanoyo. Lembani zonse m'kope, ngakhale kotapini mmodzi. Nyengo nayo imalamula: anthu amakhala ndi ndalama akakolola ndi pamene misika ya fodya yatsegulidwa, ndipo amagulitsa katundu motchipa mu January ndi February nkhokwe zikapepuka. Pamenepa ndinene zakukhosi. Mayi wamasiye akamagulitsa Raleigh ya malemu amuna awo kuti agule chimanga, muwauze mtengo weniweni wa chimene ali nacho. Phindu lidzatsalabe.

Kupezeka kwa njinga ndi ogula. Njinga zimapezeka kwa amisiri amene eni ake anazisiya osabweranso, m'madenga a kumudzi, m'nyumba za aphunzitsi ndi abusa opuma, ndi pa magulu a malonda a pa Facebook ndi WhatsApp. Ogula ali mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Ochuluka akufuna njinga yogwira ntchito: ayang'ana kaliyala, masipoko ndi matayala, ndipo chaka cha 1958 sichiwauza kanthu. Ochepa, ambiri mwa iwo m'mizinda, akufuna chikumbutso cha makolo kapena chokongoletsera malo odyera ndi ojambulira zithunzi za ukwati. Amenewa amalipira bwino koma mukhoza kuwadikira miyezi. Mitengo imene mumaiona pa intaneti ya ku London isakusokonezeni, kutumiza njinga yolemera makilogalamu 20 kunja kumadya phindu lonse.

Kasamalidwe. Njinga yodikira wogula imafuna malo ouma ndi loko. Matayala akakhala ophwa nthawi yaitali amang'aluka m'mbali, choncho ipachikeni kapena muzipopa.

Zoopsa. Chachikulu ndi katundu wakuba. Kupezeka ndi njinga yobedwa ndi mlandu, ndipo mawu oti simunadziwe sakupulumutsani msanga. Gulirani pakhomo pa wogulitsa, masana, pali mboni. Lembani kalata ya malonda yokhala ndi nambala ya felemu, imene imapezeka pansi pa chishalo, kunsi kwa felemu kapena pamene pamalowa ekiselo yam'mbuyo. Kumudzi a nyakwawa adziwe. Nambala ikaoneka yopalidwa, kapena njinga ikakhala ya penti wamuwisi ndi mtengo wotsika modabwitsa, bwererani. Polandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musakhulupirire uthenga wolowa pafoni, onani nokha ngati ndalama zawonjezekadi njinga isanatuluke pageti. Ndipo pogulitsa nenani zoona: ngati foloko munawongola kapena malimu si ake, muuzeni wogula. Okonda njinga zakale kuno ndi ochepa ndipo amadziwana.

## Ndiye musankhe iti?

Ngati njingayo ndi ya bambo kapena agogo anu, ya ku Britain, ndipo penti ndi zolemba zikuonekabe ngakhale mwa apo ndi apo, tengani njira yoyamba. Ndi yokhayo imene imasiya njira zinazo zili zotsegula. Mukaikwera chaka n'kuona kuti mtima ukufunabe penti watsopano, mudzapenta.

Ngati wina anaipaka kale penti wa zitseko, kapena dzimbiri ladya penti yense koma felemu ndi yowongoka, palibenso choyambirira choti muteteze. Njira yachiwiri ndi yanu, bola mukhale ndi ndalama zoti simudzazifunanso, ndipo musonkhanitse zipangizo zonse musanapale felemu.

Ngati mukufuna ya kuntchito kapena kusukulu, ndipo kwanu n'kwa zitunda, sakani yachitsulo yokwerera mapiri ya kaunjika muiveke zatsopano. Ngati muli nayo kale ya mtanda, lekezani pa kagiya ka mano 20 kapena 22, malabala abwino ndi matayala abwino.

Ngati cholinga n'kunyamula matumba a makala kapena kuyamba kabaza, njinga ya agogo ipumule. Hero kapena Phoenix yomangidwa masipoko okhuthala, kapena Buffalo imene kaliyala yake inapangidwira makilogalamu 100, ndi zimene zinabadwira ntchito imeneyo.

Ngati ndi malonda amene akukukopani, yambani ndi za ku India, ku China ndi ku Japan, zimene zipangizo zake zili pamsika ndipo ogula ake sasowa. Konzani zitatu kapena zinayi, muone zimene kope likunena, musanaike ndalama pa Humber kapena Rudge yodikira wogula mmodzi wa mu Lilongwe.

Ndipo ngati felemu ili ndi khwinya kukhosi kapena yabooka kunsi, musaikwere ndipo musaigulitse kwa woti akaikwere. Chotsanipo baji, habu, makapu, makoni, handulo, ndodo za mabuleki ndi manati onse a Whitworth, mutsuke, mupake oyilo, musunge m'chitini chotseka. Felemu yokhayo ndiyo ipite kwa ogula zitsulo.